Achemwali Atasankha a Bweranimawa

Mukadandifunsa kuti pa abale athu onse ndi ndani amene simungamusiyire ngakhale mphaka wodwala, ndikadakulozerani alamu anga osaphethira n'komwe. Ntchito yawo ndi yosoka nsapato. Dzina lawo lenileni lilipo, koma anthu analiiwala kalekale. Aliyense amangoti a Bweranimawa, chifukwa ndiwo mawu amene umalandira ukapita kukatenga nsapato yako. Sanama, sakuba, samwa. Koma kuchedwa kwake, abale inu!

Kashopu kawo kali pansi pa masitepe a nyumba yosanja, pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mafoni. Mkati muli benchi, nyundo, phazi lachitsulo lokhomerapo, ndi mulu wa nsapato zimene eni ake anatopa nazo kudikira. Ine ndinapitako tsiku lina chidendene cha nsapato yanga chitamatuka, ndili pa ulendo wa ku ukwati. Anapaka guluu kuno, n'kupaka uko, kenako n'kuika nsapato pakepake, chidendene pakepake, n'kupinda manja.

"Alamu, tamatani ndizipita!"

"Sanakonzeke."

"Ndani?"

"Guluuyu. Mukamata akadali wamadzi, mukafika pa ngodya apo chamatukanso."

Anakhala phee, kumangomukhudza guluuyo ndi nsonga ya chala, ine nditaima ndi mwendo umodzi ngati nkhuku yozizidwa. Ku ukwatiko ndinafika anthu akutsuka mbale. Chidendenecho n'zoona sichinamatukenso mpaka nsapatoyo inatha, koma zimenezo sizinandibwezere ukwati.

Achemwali anga, akazi awo, ndi munthu wina kotheratu. Kuyambira tili ana timawatchula kuti a Wailesi. Amatsegula pakamwa m'mawa, kutseka n'kugona. Ndiwo amene ankakhala pakhomo pa kashopuko kugulitsa polishi, zingwe za nsapato ndi masokosi, ndipo ndiwo ankalimbana ndi makasitomala okwiya. Munthu amabwera atatupa ndi mkwiyo, n'kubwerera akuseka, nsapato yake asanaitenge, atagulanso masokosi. Alamu ali kumbuyo, mutu pansi, ulusi pakamwa, kumangoti "Eya, abwana." Umo ndi mmene amawaitanira akazi awo mpaka lero, abwana.

Kunyumba nkhani inali yomweyo. Alamu samadziwa pokhala shuga m'nyumba imene akhalamo zaka zonsezi. Achemwali atachokapo ulendo wina kukaona mwana wawo amene amagwira ntchito kutali, bamboyo anaphika dzira mpaka poto anabooka. Ndikunena zimene ndinaona ndi maso angawa. Potoyo achemwali anabzalamo maluwa.

Tsono ine, kuti mundidziwe, ndine amene ndimadwazika anthu pa banja pathu. Amayi ndinawadwazika ine mpaka tsiku lawo lomaliza. Abambo chimodzimodzi. Amuna anga atathyoka mwendo pa ntchito, namwino anawafunsa kuti akawasamalira ndani, iwo sanayankhe ndi pakamwa pomwe, anangondiloza ndi chibwano. Mwamuna sachita kuganiza pa funso limeneli, mkazi wake amakhala ali pomwepo ngati mpando wa m'nyumba. Koma ine nditachitidwa opaleshoni ya m'mimba, amene anabwera kudzandisambitsa anali achemwali. Amuna anga ankabwera nthawi yoona odwala ndi nthochi, n'kudyako theka akundiuza za mpira. Ine sindinadandaule. Ndinkati ndi mmene zimakhalira, mkazi akagwa amadzutsidwa ndi mkazi mnzake.

Achemwali anagwa m'mawa wina ku shopu, ali pakati pokalipira munthu amene ankafuna kukonzetsa nsapato imodzi pa mtengo wa theka. Wometa tsitsi uja akuti mawu anangoyamba kukokeka, kenako mwendo unagonja. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo wamanja zinafooka, pakamwa panapotoka, ndipo mawu, mawu a Wailesi, anatsekeka. Amati akafuna kulankhula, liwu limodzi lokha limatenga nthawi yoti munthu n'kutereka madzi mpaka kuwira. Ndinalira, sindibisa. Mchemwali wako amene sanatsekepo pakamwa chibadwire, kumuona akulimbana ndi liwu loti madzi, zimawawa.

M'wodi ya amayi amuna saloledwa kukhalamo, ndiye wodikirira wodwala ndinali ine. Ndinagwira ntchito imene ndimaidziwa. Kusambitsa, kutembenuza, kudyetsa, kuchapa, zonse chamsangamsanga, bedi lathu n'kukhala loyera kuposa onse. Alamu ankabwera nthawi yoona odwala, n'kukhala pa mpando chipewa chili pa bondo. Achemwali kuwayang'ana, iwo kuwayang'ana achemwali. Belu likalira amanyamuka n'kunena kuti, "Ndibwera mawa, abwana." Apa pokha ndiye mawa lawo linali loona.

Tsiku lotuluka, namwino wamkulu anabwera kudzafotokoza za mankhwala ndi za mafizo, kuja amaphunzitsa ziwalo kugwiranso ntchito. Kenako anafunsa kuti, "Mayi, kunyumba akakusamalirani ndani?"

"Ine," ndinatero. "Tikupita kwanga, chipinda ndakonza kale."

Namwinoyo sanandiyang'ane. Anayang'anabe achemwali. Achemwali anakweza dzanja lamanzere, lamoyolo, pang'onopang'ono, n'kuloza alamu. Ine ndinasuzumira kumbuyo kwa alamuwo kuti mwina kuli munthu wina. Kunali khoma.

"Asokonezeka ndi mankhwala awa," ndinatero.

"Sanasokonezeke," anatero namwino. "Bambo, mwamva?"

"Ndamva," anatero alamu.

Ha! Ndinangoti chabwino, tiyeni tikaone. Ndinadziwa kuti sabata siitha asanandiitane akulira.

Sanandiitane, koma ine ndinkapitako ndekha pafupifupi tsiku lililonse, ndipo zimene ndinkapeza zinali zoti munthu ugwire mutu. Phala la mibulu yoti ungagendere galu. Diresi kuwaveka chakumbuyo, zipi ili pachifuwa. Zovala zoyera anazichapa pamodzi ndi bulangete lofiira, moti mpaka lero m'nyumba imeneyo mulibe choyera. Tsitsi ndiye musanene. Anayesa kuwaluka, n'kumanga nsonga zake ndi ulusi wosokera nsapato. Benchi yawo anaisamutsa ku shopu n'kuiika m'chipinda chogona, pafupi ndi zenera, nyumba yonse kumangonunkha guluu ndi chikopa. Makasitomala ankawatsatira kunyumba konko, ndipo yankho linali lomwe lija.

Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri chinali kadyetsedwe. Ndimafika n'kupeza achemwali atakhala pa mpando, mbale ili patsogolo, supuni alamu aifumbatitsa m'dzanja lofooka lija. Iwo ali pa benchi, akusoka nsapato ya munthu. Supuni ikunyamuka, ikunjenjemera, theka la chakudya likutayikira pa thaulo. Ikabwerera m'mbale, kuyambanso.

"Alamu, simukuona kuti chakudya chazizira?"

"Ndikuona."

"Nanga osawadyetsa bwanji?"

"Akudya."

Ine ndinkalanda supuniyo, n'kuwadyetsa bwinobwino, mwaukhondo, posakhalitsa mbale ili mbee. Kenako kuwapukuta pakamwa, kuwakonzera pilo. Akayamba kuti, "Ndi... ndi..." ine ndinkawathandiza. "Madzi? Kuchimbudzi? Mukuzizidwa? Nditseke zenera?" Ndinkatchula mpaka nditapeza, kapena mpaka iwo atatseka maso. Ndinkati atopa, agone. Ndinazolowera kuti wodwala wabwino ndi amene wakhuta, wasamba, wagona.

Koma ndikamachapa panja ndinkamva m'chipindamo kukuchitika zina. Achemwali kuyamba liwu, kenako zii. Nyundo ya alamu nayo kuleka. Zii yemweyo, wautali, woti ine panjapo ndinkachita kutopa nako kudikira. Kenako liwu lija kutuluka, lopotoka, ndipo alamu n'kumati, "Eya, abwana," nyundo n'kuyambiranso. Ndinkangopukusa mutu kuti anthu awiriwa adzafa ndi njala akudikirirana.

Ndiye linafika tsiku limene ndinkaliopa. Ndinapeza achemwali ali ndi chotupa pachipumi, chakuda bii, ndi bondo losupuka.

"Chachitika n'chiyani apa?"

"Anagwa," anatero alamu. "Amafuna kuyenda okha kuchoka pa bedi kukafika pa chitseko. Ndinawasiya. Phazi linakola kapeti."

"Munawasiya! Munthu wa mwendo umodzi, inu munawasiya! Munali kuti?"

"Pambali pawo. Ndinachedwa kuwagwira."

"Munachedwa! Nanga ndi liti pamene inu simunachedwepo, alamu?"

Maso awo anali ofiira, ndipo kapeti ija anali ataikulunga kale n'kuiponya panja. Koma ine mtima unali utakwera. Lero chipumi, mawa m'chiuno, mkuja tidzamva kuti amenyetsa mutu pa phazi lachitsulo lija. Ndinatuluka panja n'kuimbira achimwene athu aakulu, amene mawu awo sabwezedwa pa banja pathu. Ndinawauza kuti akapanda kubwera, mlongo wawo adzamuona m'bokosi.

Anabwera Loweruka masana ndi galimoto yobwereka. Ine ndinali nditalongedza kale chikwama cha achemwali, mankhwala, zovala zofiirira zija, zonse. Tinakhala pabalaza. Achemwali tinawakhazika pa mpando wawo, alamu anakhala pa kasitulu pafupi ndi chitseko, ngati mlendo m'nyumba yawo yomwe.

Achimwene analankhula mwaulemu, poti ndi munthu wodziwa kuyala nkhani. Anati palibe amene akuwaimba mlandu alamu. Anati mwayesetsa, tonse taona. Koma ntchito iyi si ya mwamuna. Kusambitsa munthu wamkazi, kumuperekeza kuchimbudzi, kumuchapira zamkati, zimenezi zili ndi eni ake. Komanso shopu ikufa, ndipo shopu ikafa mudya chiyani? Mlongo wathuyu apite kwa mng'ono wake, amene manja ake tonse tikuwadziwa. Inu muzikamuona Lamlungu.

Alamu anayang'ana pansi. "Kugwa anagwadi," anatero. "Ndinalakwa ine. Kuphika sinditha, kuchapa mwaona nokha." Anangolekera pomwepo. Ine mumtima ndinati basi, yatha, ngakhale kudziteteza satha munthuyu.

Achimwene anatembenukira kwa achemwali, mongokwaniritsa ulemu, makiyi a galimoto ali kale m'manja. "Nanga iwe mlongo wanga, wamva? Ukuti bwanji?"

Achemwali anakoka mpweya. Milomo inayamba kugwedera. "Ndi... ndiku..."

"Akuti tizipita," ndinatero, ndikunyamula chikwama. "Atopa, musawavutitse."

"Alamu."

Ndinatembenuka. Anali a Bweranimawa, atakweza dzanja ngati wapolisi wa pamsewu. Pa zaka zonse zimene ndawadziwa, anali asanandidulepo mawu.

"Alamu, sanamalize."

"Ife tilibe tsiku lonse, galimotoyi ndi ya eni ake!"

"Ine ndili nalo," anatero. "Takhalani pansi."

Ndinakhala, osati chifukwa chomvera, koma chifukwa chodabwa. Ndipo tinadikira. Abale inu, kudikira kumene ndinadikira tsiku limenelo sindidzakuiwala. Mpopi wa kukhitchini ukudontha. Kwa aneba mwana akulira, n'kutonthola, n'kuyambanso. Achimwene akuseweretsa makiyi mpaka anachita manyazi n'kuwaika m'thumba. Achemwali thukuta lili kamukamu, khosi litauma, akulimbana ndi liwu. Kangapo konse lilime langa linanyamuka kuti liwathandize, ndinachita kuliluma. Alamu okha ndi amene anakhala mtima uli m'malo, manja atapinda, mutu atapendeketsa, ndendende mmene anakhalira tsiku la chidendene changa lija.

"Ndiku... funa... awa."

Dzanja lamanzere linaloza kasitulu kaja. Kenako maso awo anabwera kwa ine, ndipo ndinadziwa kuti sanamalize. Ulendo uno ndinatseka pakamwa ndekha.

"Iwe... uma... ndilankhulira." Anapuma. "Awa... ama... ndidikira."

Zinandilasa, ndisaname. Ine amene ndinagona pa simenti m'chipatala, ine amene ndinawachotsera zoipa osakwinya nkhope! Ndinafuna kukalipa, ndinafuna kulira, ndinafuna kuwerengera zonse zimene ndawachitira. Koma ndinakumbukira maso aja amene ankatseka ndikamawatchulira madzi ndi zenera. Sikunali kutopa. Kunali kundisiya ndilankhule ndekha, poti ndinali nditawalanda kale mawu.

Achimwene anatsokomola. Asanapeze chonena, achemwali anatembenukira kwa amuna awo, nkhope itakwinyika mmene tinkaidziwira kale.

"Malaya... mwamanga... mokhota. Pa... alendo!"

Alamu anadziyang'ana pachifuwa. Mabatani analidi atalumphana, kolala imodzi m'mwamba, ina pansi. "Pepani, abwana," anatero, n'kuyamba kumasula. Anali akumwetulira ngati munthu amene wapatsidwa mphatso. Achimwene anaseka mpaka kupukuta misozi. Anati, "Wailesi yayaka iyi, tiyeni tizipita," n'kutulutsa makiyi.

Ine ndinatsalira kuti ndimasule chikwama chija. Ndinkaponya zovala m'kabati mwaukali, ndipo alamu anaima pakhomo.

"Musakwiye, alamu," anatero. "Inu mumatha, ine sinditha, zimenezo n'zoona. Koma m'nyumba muno mawu onse ndi awo. Ine chikwatirire ntchito yanga ndi kumvetsera. Mukawatenga, ndizimvetsera chiyani?"

"Muzimvetsera guluu wanuyo," ndinatero.

Papita miyezi tsopano. Musaganize kuti a Bweranimawa anasintha. Mpunga amapserezabe. Sabata yatha anathira mchere mu tiyi, achemwali n'kuwakalipira ndi chiganizo chathunthu, chachitali, chokhala ndi mwano womwe, moti aneba anaombera m'manja kuseri kwa mpanda. Ine ndimapitako kukaphika ndi kukachapa, chifukwa chikondi sichichotsa litsiro m'makolala. Koma supuni sindilandanso. Achemwali akayamba liwu ndimakhalira manja anga, n'kumayang'ana kudenga mpaka litatuluka. Zimandiwawa ngati dzino, koma ndimadikira.

Akuyenda tsopano, ndi ndodo. Phazi lofooka lija limakoka pansi, ndiye alamu anawasokera nsapato yapadera, ya lamba wogwira kukakolo. Inatenga nthawi, mwachidziwikire. Tsiku lililonse achemwali ankafunsa, iwo n'kumati mawa, abwana. Ngakhale mkazi wawo wodwala sanamukondere.

Tsiku limene anaivala koyamba ndinawapeza awiriwo ali m'bafa, chitseko chili pululu. Achemwali atakhala pa mpando wapulasitiki, alamu atapinda buluku mpaka m'mawondo, akuwatsuka kumsana. Sopo anali atagwera pansi, thaulo litanyowa kale, madzi ali ponseponse. Achemwali ankati, "Kumanzere... ayi, kumanzere kwanga, inu!" Alamu n'kumati, "Eya, abwana." Ndinabwerera chakumbuyo osawapatsa moni.

Nditafika kwathu ndinapeza amuna anga ali pa sofa, miyendo pa tebulo, akuonera mpira. Ndinaima pakati pa iwo ndi kanemayo.

"Bambo, ine nditagwa ngati achemwali, angandisamalire ndani?"

Anasuzumira mbali ina kuti aone mpirawo. "Aa, ukudwala?"

"Ndangofunsa."

"Si achemwali ako alipo?" Kenako anakumbukira. "Oo, paja nawonso... Basi tingaone. Tingaitane wina. Tasuntha pang'ono, akumenya kona."

Munthu ameneyu ndinamunyamula pamsana mwendo uli m'chikhakha. Ndimadziwa kutentha kwa madzi amene amakonda, ndimadziwa chipsera chilichonse cha pathupi pake. Iye ukamufunsa kuti chipsera cha opaleshoni yanga chili mbali iti, ayamba waganiza kaye. Ndipo ndikanama ndikati ndi iye yekha wolakwa, chifukwa ndi liti pamene ndinamusiyirapo supuni m'manja?

Ndinazimitsa kanemayo. Ndinapita kubafa, n'kubwera ndi sopo ndi chinkhupule, n'kuwaika pamiyendo pawo.

"Nyamukani, mukanditsuke kumsana."

Anandiyang'ana ngati ndapenga. "Iwe, manja ako atani?"

"Ali bwinobwino. Ndikufuna muphunzire panopa, ndikadali ndi pakamwa pokukalipirani."

Anatsegula pakamwa, n'kutseka. Anayang'ana kanema wozima uja, n'kuyang'ana chinkhupule. Ndinaona kuti pali mawu amene akubwera, akuchokera kutali kwambiri, ndipo lilime langa linanyamuka kale kuti liwamalizire. Ndinaliluma. Ndinapinda manja, n'kudikira.

"Beseni," anatero potsiriza, chapansipansi. "Beseni limakhala pati?"